Funsani Ankolo: mapepala a ku myuziyamu tiwotche kapena titani?

Mwezi uno makalata ambiri amene ndalandira akukamba za mapepala. Osati zigoba, mikondo ndi mafupa zomwe timakaona mmagalasi zija ayi, koma mafayilo a mu ofesi ya myuziyamu, makaundula, maminitsi, malisiti, zithunzi, zonse zija zimaunjikidwa kuchipinda chakuseri komwe alendo safikako. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula poti malo ndi ochepa, ndipo mayina a malo anu a ntchito ndachotsa dala kuti ndisakudanitseni ndi mabwana anu.

FUNSO: Ankolo, ine ndangoyamba kumene ntchito pa kamyuziyamu kena koyendetsedwa ndi komiti ya anthu a mdera, amene anali pampandowu anapuma chaka chatha atagwirapo zaka zambirimbiri. Pali chipinda china chodzadza ndi makatoni, mafayilo ena a m'ma 1970, ena alibe ndi chikuto chomwe, fumbi lake losasimbika. Abwana atsopano akuti chipindacho chikhale shopu yogulitsiramo ziboliboli kwa alendo nde akuti ndisankhe zofunika zokhazokha, zotsalazo tiwotche kapena tipatse amayi a mandasi azikulungira. Ine sindikudziwa chofunika ndi chiti chosafunika ndi chiti, ndithandizeni ndisanalakwitse.
Wongoyamba kumene ntchito

YANKHO: Achemwali, machesiwo abiseni kaye. Kenako mukawauze abwanawo mwaulemu ndithu kuti shopu idikire mwezi umodzi kapena iwiri, ziboliboli sizithawa, koma pepala likapsa lapita basi, kulibe kokagula lina.

Anthu akamva za myuziyamu amaganiza za zomwe zili pachionetsero, ng'oma, mikanda, mfuti ya gogodela. Koma chimene chimasiyanitsa ng'oma ya mu myuziyamu ndi ng'oma yogula pamsewu ndi pepala lomwe likunena kuti inachokera mudzi uti, anabweretsa ndani, chaka chanji, inkaimbidwa pa gule wanji, nanga anapereka ngati mphatso, anagulitsa kapena anangobwereketsa. Pepalalo likasowa ng'oma ija ili ngati mwana wosochera pamsika amene sakudziwa dzina la bambo ake olo mudzi wakwawo, aliyense atha kunena kuti ndi wake. Tengani chibwano chija chinapezeka ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991, cha munthu wamakedzana wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Dziko lonse limachidziwa ndi nambala yake UR 501, ndipo chimalemekezeka chifukwa ochipezawo analemba malo enieni amene chinali ndi dothi lomwe chinatulukamo, kupanda zolembazo bwenzi lili fupa wamba.

Ndipo musaone ngati vutoli ndi la ife osauka tokha. Mu 2023 British Museum ya ku London, ndi ndalama zake zonse zija, inavomera kuti zinthu pafupifupi 2,000 zinasowa, kubedwa kapena kuonongeka, ndipo chinawapweteka kwambiri nchakuti zambiri mwa izo sizinalembedwe bwinobwino mu kaundula, nde olo uchione chikugulitsidwa pa intaneti umboni woti nchako uutenga kuti? Mkulu wake Hartwig Fischer mpaka anatula pansi udindo.

Tsono mmakatoni mwanumo choyamba kusaka ndi kaundula wolandirira zinthu, buku lija chinthu chilichonse chikamalowa amachipatsa nambala. Mukalipeza ligone mu kabati yokiya lero lomwe. Zina zosayenera kutayidwa mpaka kalekale ndi makalata a anthu opereka zinthu, mafomu obwereketsa, maminitsi a komiti, malamulo oyendetsera myuziyamu, mapepala a malo ndi mapulani a nyumba, malipoti a pachaka, malipoti a ndalama omwe maodita anasaina, makope omwe ogwira ntchito ankalembamo akapita kumidzi kukafufuza, zithunzi ndi manegativu ake, makaseti, mapositala a zionetsero zakale, ngakhale buku losainamo alendo limene. Mbiri ya myuziyamu yeniyeniyo ili mmenemo. Lero timatha kunena kuti myuziyamu ya dziko lino inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1957, inayambira mu Mandala House mu 1960 nkusamukira ku Chichiri mu 1966, chifukwa wina wake sanawotche mafayilo.

Zotayika zilipo, sindikunena kuti musunge ndi lisiti la sopo lomwe. Makope obwerezabwereza a chikalata chimodzi, mafomu osalembapo kanthu, makotesheni a mashopu, mavocha a mafuta omwe maodita anathana nawo zaka zambiri zapitazo, zimenezo zitha kupita. Koma musasankhe nokha, lembani mndandanda wa zomwe mukufuna kutayazo komiti ione isaine, ndipo mndandandawo muusunge, kuti mawa wina akadzafunsa fayilo yakuti ili kuti musadzasenze mlandu nokha. Za amayi a mandasi zokhazo ayi, mmapepala otere mumakhala mayina a anthu, malipiro awo, makalata owachenjeza pantchito, si bwino munthu akawerenge za bambo ake atagwira chitumbuwa. Kwa inu amene muli mmamyuziyamu a boma nkhani ndi inanso, mafayilo amenewo ndi a boma ndipo simungawaononge popanda chilolezo cha National Archives ku Zomba, yomwe yakhala ikugwira ntchitoyi kuyambira 1947. Olo inu a komiti mutha kuwalembera kalata kupempha upangiri.

Pajatu dziko lino linalirapo kale ndi moto. Mu 1919 maofesi akuluakulu a boma la atsamunda ku Zomba anapsa, mapepala ambiri a zaka zoyambirira za Nyasaland anathera momwemo, mpaka lero ofufuza mbiri akafika pa zaka zimenezo amadalira zomwe zinatsala ku London ndi mmamishoni. Uja unali wangozi, wanuwu mukufuna kuuyatsa nokha.

Sabata ino chitani izi basi. Jambulani chipindacho ndi foni momwe chililimo, katoni iliyonse ipatseni nambala pomwe yakhalapo, valani masiki, tsegulani imodziimodzi nkulemba mu kope mzere umodzi, katoni 7, makalata a ofesi ya mkulu, 1978 mpaka 1985, ena anyowapo. Osasanja kanthu, osasuntha pepala kuchoka katoni ina kupita ina. Mukamaliza kopelo mukawaonetse abwana, mudzaona kuti nkhani ya moto yazizira yokha.

FUNSO: Ankolo, ndine mphunzitsi wopuma, ndimathandiza mongodzipereka pa myuziyamu ina. Mafayilo a pano ngosokonekera, nkhani ya Gule Wamkulu ikupezeka mu fayilo ya makalata, ina mu fayilo ya zionetsero, ina mu katoni ya mkulu wina amene anatisiya kale. Ndaganiza zomasula mafayilo onse ndiike za Gule pazokha, za ukapolo pazokha, za a Chilembwe pazokha monga timachitira mu laibulale. Ndiyambire pati?
Mphunzitsi wopuma

YANKHO: Aphunzitsi, pepani ndithu, koma musayambe nkomwe. Nzeru yanuyo ndi yabwino pa mabuku, pa mafayilo ndi pomwe anthu a mtima wabwino amaonongera zinthu. Buku limaima palokha, muliike pa shelefu iliyonse nkhani yake ndi yomweyo. Pepala la mu fayilo limamveka chifukwa cha anzake amene lagundana nawo.

Tiyerekeze mwatsegula fayilo ya makalata a 1983. Muli kalata ya amfumu ena yolemba pamanja, akuti chigoba chija tinakubwerekani tikuchifuna. Pamodzi nayo pali kopi ya yankho la myuziyamu pa kapepala kopyapyala kaja ka kaboni, kenako kalisiti kong'ambika kolembedwa K15 ndi chidindo cha chala basi, dzina palibe. Kalisiti kameneko pakokha nkachabechabe, koma pamene kakhalapo kakutiuza kuti mwina nkhaniyo inatha ndi ndalama, chigoba chinagulidwa. Inu mukatenga kalatayo kupita nayo ku za Gule, yankho ku za mafumu, lisiti ku za ndalama, nkhani ija mwaipha ndipo palibe adzailumikizenso olo atakhala pulofesa.

Nchifukwa chake osunga zikalata padziko lonse amagwira mfundo ziwiri. Mapepala ochokera ku ofesi imodzi kapena kwa munthu mmodzi asasakanizidwe ndi a kwina, ndipo akhale mu ndondomeko yomwe eniakewo anawasiyira. Katoni ya malemu aja ikhale payokha ndi dzina lawo, olo mutapezamo za Gule, za nsomba ndi kalata ya kwa alamu awo. Pokhapokha mapepala atachita kumwazika pansi osadziwikanso kuti linali pati, apo nde mutha kuwasanja potengera ofesi ndi chaka.

Chomwe mukufunacho, choti munthu apeze za Gule zonse msanga, chimatheka pa mndandanda osati pa shelefu. Gawani mafayilo potengera komwe anachokera, tinene 1 akhale a komiti, 2 a ofesi ya mkulu, 3 a kaundula ndi zosonkhanitsa, 4 a zionetsero, 5 zithunzi, nde fayilo yachi 14 ya ofesi ya mkulu ikhala 2/14, nambalayo ilembeni ndi pensulo pachikuto. Mu Excel ikani nambala, mutu wa fayilo monga momwe eniake anaulembera osaukonza, chaka choyamba ndi chomaliza, zomwe zilimo mwachidule, shelefu yomwe ili, kenako danga lomaliza ndi lanu aphunzitsi, lembanimo Gule, Chilembwe, ukapolo mmene mungafunire. Munthu akasaka mawu oti Gule zituluka zonse, 2/14, 4/3, 5/22, pepala osasuntha ndi limodzi lomwe. Njira yofotokozera kuyambira gulu lonse kutsikira ku fayilo imodziyi ndi yomwe bungwe la International Council on Archives linakhazikitsa mu 1994, amaitcha ISAD(G), ndipo pali pulogalamu yaulere yotchedwa AtoM yomwe imatsata zomwezo, koma musathamangire, Excel ikukwanirani kwa zaka zingapo. Bola muzipulinta mndandandawo nthawi ndi nthawi, laputopu imabedwa.

Bolopeni ndi zolembera za mitundu zija mumachongera mayeso zitsale kunyumba.

FUNSO: Ankolo kwathu kuno mvula imagwa yambiri, mafayilo akununkha chuku, ena adyedwa ndi chiswe ndi njenjete. Mnzanga akuti tigule makina tilaminete zikalata zofunika zonse, zong'ambika timate ndi selotepi kenako tipopere mankhwala a mphemvu mmakatoni. Ndalama ya makinawo ilipo kale, tigule?
Wosunga makiyi a sitolo

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo watchula zinthu zitatu ndipo zonse zitatu nzoononga. Kulamineta kumawotcha pepala nkulimata ndi guluu mkati mwa pulasitiki, simungadzalitulutsenso, likayamba kuonongeka liziwonongekera momwemo inu mukuonerera. Mapepala a fakisi ndi malisiti a pamakina aja nde amangoda bii akalowa mu laminetamo chifukwa zilembo zake zimatuluka ndi kutentha. Selotepi pakapita zaka imasanduka yachikasu, guluu wake amalowerera mu pepala, pulasitiki nkugwa kusiya chipsera chabulauni pamawu penipeni. Mankhwala opopera amathimbiriritsa pepala, mazira a tizilombo sawafika, ndipo amene adzatsegule katoniyo mawa ndi amene adzapume poizoniyo.

Ndalamayo gulani mashelefu achitsulo ndi makatoni abwino. Shelefu yapansi italikire simenti ndi masentimita 15 kapena kuposa, ndipo isagunde khoma, kuti mpweya uziyenda komanso chiswe chikayamba kumanga njira yake muchione tsiku lomwelo. Chiswe mumalimbana nacho pa maziko a nyumba ndi panja pomwe chikuchokera, osati pa pepala. Chipinda chikhale chamkati, chosadontha, kutali ndi mapaipi a madzi ndi chimbudzi, ndipo chonde osaika mafayilo mu siling'i kapena mu kontena yachitsulo, masana mmenemo ndi ng'anjo usiku mumachita thukuta. Pepala limadana ndi kusinthasintha kuposa kutentha kwenikweniko, nde eyakoni yomwe imayaka ndi kuzima motsatira magetsi athuwa nthawi zina imaononga kuposa chipinda chozizira chokha chomwe sichisintha. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, sikodula, chinyezi chikamapitirira 65 pa 100 masiku angapo dziwani kuti chuku chili panjira, yatsani fani, tsegulani mawindo tsiku louma. Mchipindamo musamadyeremo, nyenyeswa za sikono ndi zomwe zimaitana mphemvu ndi makoswe.

Mapini, masitepulo ndi tizitsulo topanira tija zimachita dzimbiri nkudya ngodya ya pepala, malabala amasungunuka nkumatirira. Chotsani pang'onopang'ono, koma mapepala omwe anali pa pini imodzi muwaike mkati mwa pepala loyera lopinda pakati kuti asasiyane. Chikalata chong'ambika chimodzimodzi, chigoneke mu pepala lopinda kapena mu kathumba ka polyester, osamata. Pali mafoda ndi makatoni opanda asidi omwe akatswiri amagwiritsa ntchito, mukawapeza nzabwino, mukalephera pepala labwino la fotokope likuposa envulopu ya khaki ndi nyuzi kutalitali. Mapepala a fakisi apangeni fotokope panopa, amafufutika okha.

Fayilo ya chuku ipatuleni, iume kaye pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, kenako sasani ndi kabulashi kofewa muli panja mutavala masiki ndi magolovesi, chuku chimadwalitsa chifuwa. Ya tizilombo ikulungeni mu pulasitiki yotseka bwino muiike mu dipifiriza pa -18 kwa masabata awiri, potulutsa isiyeni tsiku lathunthu musanamasule kuti thukuta lichite kunja kwa pulasitiki. Magetsi akazima nthawi yaitali pakati, yambiraninso kuwerenga. Makaseti ndi zithunzi za pagalasi musaziike mmenemo. Mafilimu ndi manegativu akayamba kununkha ngati viniga ndiye kuti ayamba kuwola, atalikitseni kwa anzawo.

Nkhani ya madzi namondwe Freddy anatiphunzitsa mu Malichi 2023. Pepala likanyowa muli ndi maola pafupifupi 48 chuku chisanamere. Zochepa yalani, ikani mapepala oyera pakatipakati muziwasintha, fani iziomba chapambali. Zikachuluka ziikeni mu dipifiriza kaye mudzaziyanike pang'onopang'ono mtima uli mmalo. Ndi momwe anachitira ku Jagger Library ya University of Cape Town itapsa mu Epulo 2021, zomwe zinali mchipinda chapansi zinapulumuka moto koma zinanyowa ndi madzi ozimitsira, anthu odzipereka anazitulutsa mmakireti ndipo zonyowa kwambiri zinapita kozizira.

FUNSO: Ankolo wawa, ine ndine mnyamata wa makompyuta pa myuziyamu ina, madona atipatsa sikana ndi laputopu. Pulani yanga ndi kusikana chilichonse kenako mapepalawo titaye tipeze malo, si nde chitukuko chimenecho? Madala a pano akukana akuti ndine wachibwana.
Mfana wa IT

YANKHO: Mphwanga, pa kusikanako uli bwino, pa kutayako madalawo akunena zoona. Pepala losungidwa pouma limakhala zaka 100 nkumawerengekabe ndi maso basi, fulashi yako ija ikagwidwa vairasi kapena kuchapidwa mu thalauza zathera pomwepo. Afunse madalawo kuti mafulope disiki omwe ankasungiramo malipoti m'ma 1990 akuwatsegulira pati lero. Komanso pa mlandu wa malo kapena wa umwini wa chinthu anthu amafuna kuona chikalata chenicheni cha siginecha ndi chidindo.

Ubwino wa sikani ndi woti kopi ikhale kwina. National Museum ya ku Brazil mu mzinda wa Rio de Janeiro itapsa pa 2 Sepitembala 2018 munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, zambiri zinatheratu kuphatikizapo mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni nthaka, mpaka anthu anachita kupemphedwa kuti amene anajambulako zithunzi pocheza atumize. Nde sikana, koma yamba wadikira mndandanda uthe, chifukwa zithunzi 10,000 zotchedwa scan001, scan002 ndi mulu wina wa zinyalala, kungoti uwu uli mu kompyuta. Dzina la fayilo ya mu kompyuta likhale nambala yomwe ili pachikuto, 2-14-001, 2-14-002 choncho. Yambira kaundula, kenako maminitsi ndi zithunzi, mavocha asiye. Zikalata uzisikana pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa sikani), zithunzi pa 600 dpi, kopi yaikulu isunge ngati TIFF osaikhudzanso, zogawira anthu upange JPEG kapena PDF. Pepala lakale usalilowetse mu sikana yokoka yokha ija imatafuna, ndipo kaundula womangidwa ngati buku usamukanikize pagalasi msana ungathyoke, bola foni ya kamera yabwino yoimika pa kathabwa pafupi ndi windo. Makope akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi igone kunja kwa nyumbayo, ndipo chaka chilichonse uzitsegula kuona ngati zikadali zamoyo. Hadi dilaivu ikakwana zaka zisanu usaikhulupirirenso.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ine si mapepala a 1975 ayi, amenewo apirira kale, ndi za masiku ano. Komiti ikugwirizana zinthu pa gulupu ya WhatsApp, mgwirizano ndi madona uli mu Gmail ya munthu payekha, zithunzi za chionetsero zili pa tsamba la Facebook lomwe pasiwedi yake anapita nayo mnyamata amene anasiya ntchito. Tidzapezeka tili ndi maminitsi a nthawi ya taipilaita koma a chaka chathachi palibe. Apa nde pofunika iweyo. Tsegula imelo ya myuziyamu, mapasiwedi alembedwe asungidwe mu envulopu yomata kwa mkulu, mafoda a mu kompyuta atsate manambala omwe aja a pa shelefu, madeti uzilemba kuyambira chaka, 2024-03-15, kuti azisanjika okha. Chilichonse chachikulu chomwe agwirizana pa WhatsApp chilowe mmaminitsi, apulinte, asaine.

Ukafuna thandizo la ndalama yang'ana Endangered Archives Programme ya British Library, inayamba mu 2004 ndi ndalama za Arcadia, inathandizapo kale kujambula zikalata zakale kuno ku Malawi, ndipo lamulo lawo ndi loti zikalata zenizenizo zimatsala mdziko mwawo, iwo amatenga kopi.

FUNSO: Zikomo Ankolo. Agogo athu aamuna anapereka mfuti ya gogodela ndi mpando ku myuziyamu ina kalekale, amayi amati anangobwereketsa. Titapita kukafunsa anatiuza kuti mafayilo ndi achinsinsi. Kodi nzoona zimenezi?
Mdzukulu wodandaula

YANKHO: Mayi, pakamwa pokha pa kauntala simuphula kanthu, lembani kalata kwa mkulu wa myuziyamuyo. Tchulani dzina la agogo ndi mayina ena omwe ankadziwika nawo, mudzi, mfumu yaikulu, boma, zaka zongoyerekeza, ndipo pemphani kuona mzere wa mu kaundula ndi fomu kapena kalata yomwe anasainirana. Sungani kopi ya kalata yanu yodindidwa kuti alandira. Ngati ndi ya boma, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, litchuleni mkalatamo.

Zachinsinsi zilipodi, mafayilo a ogwira ntchito, mitengo ya zinthu, makonzedwe a chitetezo, malo enieni a manda ndi mapanga omwe akuba angakafukule, komanso za kudambwe ndi kuchinamwali zomwe akuluakulu anapereka ndi pangano loti zisaonedwe ndi aliyense. Koma mzere wonena za mfuti ya agogo anu suli mgulu limenelo. Kungoti konzekerani mtima, kaundulayo atha kunena kuti inali mphatso, kapena anagula, ndipo zikatero pepalalo ndi lomwe lidzamveke. Ngakhale maiko amakangana pa mfundo yomweyi, chigaza chija chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 chili ku Natural History Museum ku London, Zambia yakhala ikuchiitanitsa kwa zaka zambiri, ndipo mkangano wonse umazungulira pa zolembedwa za momwe chinachokera mdzikomo.

Inu a mmamyuziyamu, mawu oti chinsinsi asakhale pobisalira pamene fayilo simukuidziwa komwe ili. Lembani lamulo la tsamba limodzi lonena zotsegula ndi zotseka. Wofuna kuwerenga asaine mbuku, akhale pamaso panu, fayilo imodzi nthawi imodzi, pensulo yokha, ndipo fayilo isatuluke pachipata olo wapempha ndi bwana, nayenso asiye kapepala kosaina pamalo pomwe waichotsa.

FUNSO: Ankolo tili ndi katoni yodzadza zithunzi za m'ma 1960 ndi 1970 koma kumbuyo sanalembe kanthu, sitikudziwa anthuwo ndi ndani kaya kunali kuti. Zili ndi ntchito?
Mlembi wa komiti

YANKHO: Zili nayo bambo, ndipo pa zonse takambazi iyi yokha ndi yomwe singadikire chaka chamawa, chifukwa odziwa nkhopezo akutha. Zipatseni manambala kaye ndi pensulo yofewa mmphepete chakumbuyo, za mu abamu musazimatule. Kenako itanani amene anapuma ntchito, ndipo musangoitana mabwana, dalaivala, mesenjala ndi mayi amene ankataipa nthawi zambiri amakumbuka bwino kuposa iwo poti ulendo uliwonse anali pomwepo. Apatseni thiransipoti ndi tiyi, yalani zithunzi pa tebulo, foni izijambula mawu atavomera okha, wina azilemba kuti chithunzi 43 akuti ndi pa mwambo wakuti, wanena ndi uje, tsiku lakuti. Awiri akatsutsana lembani zonse ziwiri, musaweruze. Zomwe zakanika mutha kuika kopi yaing'ono pa Facebook anthu athandize, koma za kumeneko muzilembe padera ngati zongomva mpaka wina wodalirika atsimikize, ndipo zithunzi za miyambo yobisika zisapite kumeneko. Mukapeza manegativu pansi pa katoniyo musataye poganiza kuti chithunzi chake chilipo kale, aikeni mmaenvulopu a pepala ndi nambala yofanana ndi ya chithunzicho.